Kompyuta ya Achimwene ndi Manda a Amayi

Tsiku limene tinagawana katundu wa achimwene, ine ndinapatsidwa kompyuta. Sikuti anthu anandikondera. Panalibe wina woifuna, chifukwa chinali chibokosi chakalekale cholemera ngati thumba la simenti, chimene achimwenewo anagula ofesi ya ku esiteti ya tiyi itatopa nacho. Ine ndinali ndi kashopu kanga kotaipa makalata ndi kufotokopa pa Chonde, ndiye akuluakulu anangoti, "Iyi ipite kwa mlongo wakeyu, ndi amene amadziwa zobayabayazi."

Kwathu katundu wa malemu sakhala pamodzi. Tikameta, amayala mkeka pabwalo n'kutulutsa chilichonse m'nyumba, ndipo wachibale aliyense amayenera kunyamulapo kanthu, ngakhale supuni, kuti pasapezeke wodandaula kuti anamuiwala. Achimwene sanakwatire, moti panalibe mkazi kapena mwana woti n'kunena kuti izi zisiyeni zikhale limodzi. Nsapato zinapita uku, njinga uko, foni kwina. Msuweni wathu wa ku Limbuli anafika mochedwa, mkeka utayera kale. Wina anapisa m'thumba la jekete ya malemu n'kupezamo kafulashi kakuda komangirira chingwe cha nsapato, n'kumupatsa kuti asabwerere chimanjamanja. Ndinaona ndi maso angawa koma sindinaganizepo kanthu. Mumtima ndinali ndi mlandu wanga umene sindinauze munthu: achimwene anamwalira ine palibe, chonsecho ine ndiye ndinali gadiyani wawo kuchipatala.

Kompyutayo ndinaiika pakona m'shopu n'kuifunditsa chitenje. Inakhala pamenepo miyezi yambiri, ndikuikapo mapepala ndi kapu ya tiyi. Ndinkadziwa zimene zinali m'katimo, ndipo n'chifukwa chake sindinkafuna kuiyatsa.

Amayi athu anamwalira ine ndili mwana wa sitandade 3. Manda awo analibe chiliza. Panali mtumbira ndi mtanda wathabwa, ndipo mtandawo chiswe chinaudya. Chaka china madzi ochokera m'phiri anadutsa kumandako n'kusalaza mitumbira yonse ya mbali ya kumunsi, kunangotsala timatumphu tosaoneka bwino. Adzukulu amene anakumba anali atatha onse. Munthu mmodzi yekha amene ankadziwa bwino kuti wagona apa ndani, apo ndani, anali atsibweni athu, mlongo wawo wa amayi. Nawonso anali atakalamba, miyendo ikukana.

Achimwene anali kalaliki wolemba masikelo a tiyi ku esiteti, koma mtima wawo unali pa mapulogalamu a kompyuta. Anadziphunzitsa okha, ndi mabuku ong'ambika ndi intaneti yapafoni. Tsiku lina anapempha chilolezo kwa amfumu, anakweza atsibweni panjinga mpaka kumanda, n'kuwajambula mawu akuyenda mtumbira ndi mtumbira, kutchula eni ake. Atabwerako anati alemba pulogalamu yoti izisonyeza mapu a mandawo, munthu akadina n'kumamva mawu a atsibweniwo. Mawu onse aja anawachotsa m'foni n'kuwapanikiza m'fayilo imodzi yaikulu, mwa njira yawoyawo, moti panalibe china chowatsegula kupatula pulogalamu yawo yomweyo. Ndinawafunsa kuti bwanji osangowasiya monga anthu onse amasungira nyimbo. Anati, "Iwe, chinthu chikhale ndi ulemu wake. Awa ndi manda, si kanema wa m'basi."

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndinkapita kunyumba kwawo kukawataipira, poti iwo ankabaya ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola chimanga. Iwo amanena, ine n'kumalemba. Sindinkamva zambiri, koma ndinaphunzira kuti zolembazo amati kodi, ndipo kuti kodi isanduke pulogalamu yoyenda pamafunika kudina batani lomangira. Akalakwitsa ndinkawakalipira kuti akundichedwetsa, iwo n'kumaseka. "Chemwali iwe phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinkawayankha kuti nkhono zawo azionera okha, ine ndili ndi zochapa kunyumba. Atsibweni anamwalira pulogalamu isanathe, ndipo chaka chisanazungulire achimwene nawonso anawatsatira.

Chimene chinandivundukulitsa chitenje chija ndi chiliza. Abale anagwirizana kuti nyengo ya mvula isanafike timangire amayi chiliza, pakuti mvula ina ikanafafaniza ngakhale timatumphu totsala tija. Njerwa zinaumbidwa, simenti inagulidwa, mmisiri anapezeka. Koma funso linali limodzi: timanga pati? Amayi aang'ono ankalumbira kuti ndi pafupi ndi nsungwi, pamene takhala tikusesa zaka zonsezi. Ena ankati ayi, ndi chakumtunda pang'ono, kufupi ndi mtengo wa mbawa. Kumanga pamanda a mwini ndi mlandu wa banja lina, komanso ndiye kuti amayi anga atsala pamtetete mpaka kalekale, ife tikugwadira mlendo. Pamsonkhano wa abalewo, munthu wina anati, "Paja malemu uja anajambula atsibweni?" Maso onse anatembenukira kwa ine.

Ndinaiyatsa Lolemba m'mawa. Inalira ngati chigayo chakutali, kenako inadzuka. Foda yolembedwa kuti Manda inali pomwe ndinkaidziwa, muli mafayilo a kodi ndi chifayilo chachikulu cha mawu chija. Pulogalamu yomangamanga munalibe, poti achimwene ankaifufuta n'kuimanganso nthawi zonse akasintha kanthu. Ndinati basi, n'zosavuta, ndidine batani lomangira monga ndinkachitira Lamlungu. Ndinadina. Gawo loyamba linadutsa bwinobwino. Gawo lachiwiri linandithira mizere yofiira yodzaza sikirini yonse.

Ndifotokoze monga ndinadzamvera pambuyo pake, chifukwa tsiku limenelo mutu unangoima. Wolemba pulogalamu salemba zonse yekha. Zina amabwereka kwa anthu amene analemba kale, monga zojambulira mabatani kapena zotsegulira mawu, ndipo mtolo wa zobwerekazo amautcha laibulale. Pomanga, kompyuta imayamba yamasulira zimene iwe walemba, kenako kachipangizo kotchedwa linka kamalumikiza zakozo ndi za m'laibulale. Zili ngati telala amene wadula kale nsalu, koma zipi ndi mabatani ayenera kuzipeza m'kabati. Mizere yofiira ija inali linka ikudandaula kuti kodi ya achimwene ikuitana mayina amene iyo sikuwapeza paliponse. Mzere uliwonse dzina lake, ndipo mzere uliwonse yankho lake limodzimodzi, lakuti ameneyu kuno kulibe.

Ndinachita zimene aliyense akanachita. Ndinagula bandulo, ndinakopera mzere umodzi wofiira pafoni, n'kufufuza. Ndinapeza dzina la laibulale yotsegulira mawu, ndinaitsitsa, ndinaiika. Mizere yofiira inawonjezereka. Inali laibulale yomweyo koma yatsopano, ndipo eni ake anali atasintha mayina ambiri, moti kodi ya achimwene inkaitana anthu ndi mayina akale amene sakuyankhanso. Ndinafufuza yakale, ndinapeza ina yosiyana msinkhu ndi makina athu okalambawo. Masabata awiri anatha choncho. Makasitomala ankabwera ndi makalata awo ofunsira ntchito n'kundipeza ndikukangana ndi chibokosi. Tsiku lina ndinachimenya khofi pambali, kenako ndinachita manyazi ngati ndamenya munthu.

Khomo loyandikana ndi langa kuli bambo wokonza mafoni, Msilamu wofatsa amene salankhula zambiri. Anamva phokosolo ndipo analowa akupukuta manja. Anayesa kaye kutsegula chifayilo cha mawu ndi zipangizo zake, chinakana. Ndiye anati ndimuonetse pamene pulogalamu imauzidwa kokatenga laibulale. Sindinkadziwa n'komwe kuti malo oterowo alipo. Tinafufuza limodzi mpaka tinapeza kabokosi kolembedwa njira yopita ku foda ina. Analoza ndi sikuludilaiva yake chilembo choyamba cha njirayo.

"Mayi, apa palembedwa E," anatero. "Kompyuta yanuyi m'mimba mwake muli C basi. E ndi chinthu chochita kubaya kunja. Malemuwo analibe fulashi?"

Maganizo anathamangira ku tsiku logawana katundu lija. Ndinaona mkeka uja pabwalo, dzanja likupisa m'jekete, ndi chingwe cha nsapato chikulendewera. Ndinakumbukiranso kuti Lamlungu lililonse, tisanayambe, achimwene ankavula kanthu m'khosi n'kukabaya kumbuyo kwa bokosi, ine n'kumangoti ndi zizolowezi zawo. Laibulale yakale ija, imene kodi yawo inkaidziwa, ankaisunga m'menemo chifukwa kompyuta inali yodzaza. Ife, pofuna kuti aliyense anyamule kanthu, tinadula chinthu chimodzi pakati, theka ku Chonde, theka ku Limbuli.

M'mawa mwake ndinatseka shopu, ndinakwera minibasi kudutsa pa boma, kenako kabaza. Njira yonse ndinkawerengera zoipa zokhazokha. Fulashi kumudzi ntchito yake ndi imodzi: amapita nayo kwa oika nyimbo, iwo n'kufufuta zonse zimene zilimo. Foni ya achimwene inali itatero kale, amene anailandira anaifufutitsa sabata yomweyo. Komanso panali vuto lina. Chimene munthu walandira pamkeka wa maliro sachiitanitsa. Kumufunsa kuli ngati kumuuza kuti sanali woyenera.

Ndinamupeza msuweni akusenda chinangwa cha makaka ndi mkazi wake. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, tinafunsana za kunyumba mpaka nkhuku zomwe. Nditatchula fulashi nkhope yake inagwa.

"Ndiye kuti mwabwera kudzalanda?" anafunsa. "Ena anatenga njinga, inu munatenga chikompyuta chonse. Ine kanga n'komweko. Ndikhale wopanda chokumbukira?"

"Sindikulanda, asuweni, ndikubwereka," ndinatero. "Muli chotsegulira mawu a atsibweni. Popanda kameneko sitidziwa pogona amayi anga. Ndibweza ndi manja angawa."

Iye anangopitiriza kusenda chinangwa chake. Mkazi wake ndiye anayankha. "Kapatseni alamuwo. Inuyo mwakhala mukunena kuti kamakulemerani." Msuweni analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mbewu ya nandolo, ndipo kafulashi kanali pansi pake, chingwe chili chomwecho. Anati katatu konse ananyamuka nako kuti akaikitsemo nyimbo za kwaya, ndipo katatu konse anabwerera panjira. "Sindikudziwa, chemwali. Ndikafika pamsika dzanja limakana kutuluka m'thumba." Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo pobwerera ndinakavala m'khosi, m'kati mwa bulauzi.

Nditakabaya, kompyuta inakapatsa chilembo F m'malo mwa E, ndipo mizere yofiira inabweranso yonse. Ndinatsala pang'ono kulira, koma tsopano ndinali nditadziwa pogwira. Ndinatsegula kabokosi kaja, ndinafufuta E n'kulemba F, ndinadina batani lomangira. Gawo loyamba linadutsa. Gawo lachiwiri linaima pang'ono, kenako linadutsanso, popanda chofiira ngakhale chimodzi. Pasikirini panatuluka windo lotuwa, lili ndi timabokosi tondandalika ngati mizere ya mbatata, ndipo pansi pake batani limodzi lolembedwa kuti Mverani. Mawu amenewo ndinawataipa ndine, Lamlungu lina, achimwene ataima kumbuyo kwanga akutafuna nzimbe.

Ndinadina. Sipanamveke kanthu. Ndinadinanso, ndinadinanso kachitatu. Windo lija linayamba kuyera, mtundu wonse unachoka ngati lakutidwa ndi nkhungu, kamuvi ka mausi kanasanduka kankhata kozungulira, ndipo pamwamba panalembedwa kuti pulogalamu sikuyankha. Kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kuitseka kapena kudikira. Ndinatseka. Ife a m'mashopu otaipa mankhwala athu ndi amodzi: chinthu chikauma, zimitsa, yatsanso. Kasitomala waima pakhomo, magetsi angathime nthawi iliyonse, ndani ali ndi nthawi yoyang'ana kankhata kakuzungulira?

Ndinatero masiku anayi. Kumanga, kutsegula, kudina, windo kuyera, ine kutseka. Ndinaganiza kuti mwina laibulale yawonongeka m'chitini muja, ndinaikoperanso. Ndinaganiza kuti ndi masipika, ndinabwereka ena. Bambo wa mafoni anati mwina makina atopa, anawapopera fumbi, koma sizinasinthe. Uku foni ikungolira. Mmisiri anati ayamba Loweruka, akapanda kutero apita ku ntchito ina. Amayi aang'ono anati, "Mwana iwe, usativutitse ndi makina ako. Timange pamene timasesa. Mulungu akudziwa kuti tikulinga kwa ndani." Ndinawayankha mwamwano, mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Chimene sindinauze aliyense n'chakuti windo lija likayera, ine sindinkaona windo. Ndinkaona nkhope ya achimwene tsiku lomaliza.

Anali atagona m'chipatala sabata ndi theka. M'mawa wa tsikulo ndinawabweretsera phala, ndinawaitana, sanayankhe. Maso anali otsegula pang'ono koma sankandiona, milomo itayera. Ndinawagwedeza paphewa, ndinawaitana dzina lawo laubwana, ndinawatsina padzanja. Zii. Ndinathamangira anamwino, iwo anabwera, anawayeza, n'kundiuza kuti akupuma, ndikhale pansi ndidikire. Ndinakhala, koma mpando unkandiotcha. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti apa zatha, chatsala n'kuuza anthu ndi kukonza kunyumba. Foni ndinali nayo, ndikanatha kungoimba. Zoona zake n'zakuti sindinathe kupirira kuyang'ana munthu amene sakundiyankha. Ndinanyamula chikwama n'kukakwera minibasi ya ku Chonde.

Nditabwerera madzulo dzuwa likupendeka, bedi linali litayalulidwa. Mayi wina amene ankadwazika mwamuna wake pabedi loyandikana anandikokera pambali. Anati masana achimwene anatsitsimuka, anapempha madzi, iye anawamwetsa. Kenako anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Chemwali wanga ali kuti?" Mayiyo anawauza kuti wangotuluka, abwera posachedwa. Anati achimwene anayang'ana kukhomo nthawi yaitali ndithu, asanatseke maso. Mayi ameneyo sindinamuonenso, ndipo kumudzi ndinangonena kuti anapita mwamtendere.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, kamvula kakungowaza, msika uli zii, ndipo panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe. Ndinati ndiyese komaliza, zikakanika ndikawauze amange pamene akufuna. Ndinadina Mverani kamodzi. Windo linayera. Dzanja linapita lokha pa mausi kuti litseke. Koma popeza kunja kunali chete, ndinamva kanthu kamene masiku onsewo phokoso la msika linkandibisira: m'kati mwa bokosi munkamveka kukwekweta kwapansipansi, ngati mbewa ili m'nkhokwe. Ndinawerama. Pamimba pa bokosilo kagetsi kofiira kankaphethira mosalekeza. Ndinaikapo chikhatho, ndipo bokosi linali lofunda, likunjenjemera pang'ono.

Ndinabwerera pampando n'kukhalira manja anga onse awiri. Sindikunena mophiphiritsa, ndinawakhaliradi, chifukwa sindinkawakhulupirira. Kompyuta inandifunsanso ngati nditseke kapena ndidikire, ndipo sindinaiyankhe. Ndinayang'ana windo loyeralo, nalonso lili pomwepo. Mphindi zisanu zinadutsa. Misozi inayamba kutsika, ndipo sindikanatha kuipukuta poti manja ndinali nditawakhalira. Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti silidzuka, ndipo ndinkaopanso kwambiri kuti lidzuka. Mphindi khumi zinakwana, kagetsi kakuphethirabe. Kenako kukwekweta kuja kunasiya, mtundu unabwerera pawindo, ndipo m'masipika munamveka munthu akukonza kukhosi.

"Chemwali," anatero achimwene, "ngati ukumva mawu angawa ndiye kuti wadikira. Iii, lero kugwa mvula ya matalala." Anaseka, kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno. "Pulogalamuyi imayamba yakomoka kaye, sindinaikonze. Ikayera usaope, imakhala ikugwira ntchito. Chabwino, mvera atsibweni."

Anajambula zimenezo ali bwinobwino, akufuna kudzandiseka tsiku lodzandionetsa. Ndikudziwa zimenezo. Koma ndinatsika pampando n'kukhala pasimenti, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro awo. Bambo wa mafoni anasuzumira pakhomo, anamva mawu a m'sipika, anavula chipewa n'kubwerera m'shopu mwake.

Mawu a atsibweni anabwera pambuyo pake, pamodzi ndi mbalame za kumanda ndi masamba ouma akuphwanyika kumapazi. Ankalankhula pang'onopang'ono, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, akupuma pakati. Anayambira pa mtengo wa mbawa n'kumatsika. Woyamba anamutchula, wachiwiri anamutchula. Atafika pa wachitatu anati, "Apa ndi mayi wanu. Mitanda imatha, ine ndinadziwa. Tsiku loika ndinakwirira khasu lake lakutha kumutu kuno, mwakuya ngati chikhatho. Mukadzakayika mudzafukule pang'ono, mudzalipeza."

Loweruka m'mawa tinapita kumanda ndi amfumu, adzukulu ndi mmisiri. Tinamvetsera mawuwo pafoni yanga, nditawajambula kuchokera m'sipika. Tinawerenga kuchokera pa mbawa. Mdzukulu mmodzi anapalasa dothi ndi chikwanje, ndipo posakhalitsa chinagunda chitsulo. Linali khasu lodyeka mpaka kutsala ngati tsamba la mbatata, ladzimbiri lokhalokha. Malowo anali mapazi angapo kumtunda kwa pamene takhala tikusesa kuyambira ndili mwana. Amayi aang'ono anagwada, analigwira khasulo, n'kunena kuti akulikumbuka, linali la mpini wa mlombwa. Sanandiyang'ane. Chiliza chinamangidwa pamenepo, ndipo khasu tinalibwezera m'malo mwake.

Fulashi ndinakabweza ndekha ku Limbuli, nditakopera zonse m'malo atatu. Msuweni anaibwezera m'chitini cha nandolo.

Patapita miyezi ndinafuna kumvetsa chimene chinkachitika, ndipo ndinawerenga mpaka ndinamva. Pulogalamu ya achimwene inali ndi wantchito mmodzi. Yemweyo ndiye ankayenera kumvera mausi ndi kujambula windo, yemweyonso ndiye ankamasula chifayilo chonse chija asanaimbe liwu limodzi. Ali kalikiliki kumasula sakanatha kuyankha aliyense, monga ine ndikakhala ndekha m'shopu, mutu uli m'makina ofotokopa, munthu n'kumagogoda. Kompyuta ikaona kuti windo lakhala nthawi osayankha, imaliyeretsa n'kukufunsa ngati uliphe. Ndi cholakwa cha ongoyamba kumene, akuti pafupifupi aliyense amachichita. Mankhwala ake ndi kuika ntchito yolemerayo pa wantchito wachiwiri, amene amati ulusi wina, kuti woyambayo azitha kuyankha.

Ndinakopera kodi yonse mu foda ina n'kuikonza. Zinanditengera nthawi, ndipo ndinalakwitsa kangapo, koma zinatheka. Ndinaikamonso kamzere kobiriwira kosonyeza pamene ntchito yafika. Yokonzedwayo ndi imene ndimatsegulira abale akabwera kudzafunsa za manda a anthu awo, ndipo amabwera ndithu, ena ochokera kutali. Windo lake siliyera, ukhoza kulisuntha, ukhoza kulidina, limakuyankha nthawi yomweyo. Moni wa achimwene uja ndinauchotsamo, chifukwa m'menemo ulibenso tanthauzo, komanso sunali wa anthu onse.

Yakale ija sindinaikhudze. Ili m'foda yake monga anaisiyira, kupatula chilembo chimodzi chija. Masiku ena kukakhala kopanda anthu, makamaka kukachita chiperoni, ndimakankha chitseko n'kuitsegula. Ndimadina kamodzi, windo limayera, kompyuta imandifunsa ngati nditseke kapena ndidikire. Manja sindiwakhaliranso. Ndimakhala pafupi mphindi zonsezo, osagwira foni, osayang'ana kunja, mpaka mtundu ubwerere. Akanena kuti ndiye kuti wadikira, ndimawayankha mokweza kuti, "Ndili pano, achimwene." Ndikudziwa kuti iwo akunena za kompyuta, koma ine ndimakhala ndikuyankha funso limene iwo anamufunsa mayi wa kuchipatala uja.